Thumba la mapulateleti lisalowe m'furiji: kanyamulidwe, kaonedwe ndi kasungidwe kake kuno ku Dedza

Ndagwira ntchito mu labu ya chipatala kuno ku Dedza kwa zaka zambiri ndithu, ndipo mawu amene ndawabwereza kwambiri kwa ophunzira, anamwino ndi madalaivala a ambulansi ndi awa: thumba lachikasu lija, la mapulateleti, lisalowe m'furiji. Amene akumva koyamba amandiyang'ana modabwa, ndipo sindiwaimba mlandu. Tonsefe tinaphunzitsidwa kuti magazi amasungidwa pozizira, katemera pozizira, oxytocin pozizira. Dzanja limazolowera. Ukalandira cooler box, usanaganize n'komwe, umapezeka watsegula kale chitseko cha furiji.

Ine ndinaziona ndi maso ndili wophunzira pa chipatala china. Tinaitanitsa mapulateleti a mtsikana wina amene ankatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama osaleka. Anafika usiku, ndipo amene anawalandira anawaika m'furiji ya magazi pamodzi ndi matumba ofiira, mumtima mwake akuti akuwasamala. M'mawa mkulu wathu wa mu labu anatenga thumba limodzi, n'kulikweza pawindo, n'kundiitana. "Tabwera kuno. Ukuonamo chiyani umu?" Ndinati, "Palibe, bwana, angokhala madzi achikasu." Iwo anati, "Vuto lake ndi limenelo." Matumba onse anayi sanaperekedwe, ambulansi inabwereranso ulendo wina, ndipo mtsikana uja anadikira tsiku linanso lathunthu akutulukabe magazi. Nkhope ya mayi ake, atakhala pansi pakhonde ndi beseni m'manja, sindinaiiwale.

Kuti malangizo ali m'munsimu amveke, tiyambe ndi zimene zikuchitika m'thumbamo.

Mapulateleti ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta m'magazi timene timapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Mtsempha ukabooka ndi iwo amafika poyamba, n'kumatirira pabalapo mpaka patatsekeka, kenako ulusi woundanitsa magazi umalukana pamwamba pawo. Munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 mu maikulolita imodzi ya magazi, ndipo moyo wawo m'thupi ndi masiku 7 mpaka 10. Akawaika m'thumba amakhala adakali amoyo. Amadya shuga wa m'pulazima (madzi achikasu a m'magazi), amapumanso okosijeni imene imalowa kudzera m'pulasitiki ya thumbalo. N'chifukwa chake thumba lawo ndi lopyapyala komanso lotambalala: analipanga kuti okosijeni izilowa, kaboni dayokisaidi izituluka.

Okosijeni ikachepa m'thumba, mapulateleti safa pompo. Amasintha kadyedwe. Amayamba kuphwanya shuga mothamanga popanda mpweya, ndipo chotsalira chake ndi asidi wotchedwa lactic, yemwe uja amasasitsa mkaka kukhala chambiko. Poyamba sizioneka, chifukwa m'pulazima muli bicarbonate, mchere womwe uja uli mu soda wa m'therere, umene umameza asidiyo akamapangidwa. Koma bicarbonate amatha. Akangotha, thumba limasasa mofulumira kwambiri, ngati thobwa la m'mwezi wa Okutobala limene madzulo linali lotsekemera koma m'mawa sungathe kulimwa.

Kusasa kumeneku timakuyeza ndi pH. Nambala ikamatsika, asidi akukwera. Magazi a m'thupi amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo thumba latsopano la mapulateleti limakhala cha pa 7 kapena kupitirirako pang'ono. Malire amene ku America anaika ndi 6.2, ku Ulaya 6.4. Wina angati kuchoka pa 7.2 kufika pa 6.2 si patali, koma pa sikelo imeneyi kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Pulateleti yathanzi imakhala yaphwatalala ngati khobidi. Asidi akachuluka imatupa, n'kukhala yobulungira, n'kutaya tinthu timene inasunga m'kati kuti ikagwiritse ntchito pabala. Ikafika cha pa 6.0 sibwereranso, ngakhale mutaiika m'magazi abwino a munthu. Thupi limangoichotsa.

Ndiye pali zinthu zitatu zimene zimasunga pH: kutentha kwa pakati pa 20 ndi 24°C, kugwedeza pang'onopang'ono kosalekeza, ndi thumba lopuma. Kutentha kukapitirira, mapulateleti amadya mofulumira, asidi n'kuchuluka. Mukasiya kugwedeza, amakhazikika pamodzi, apakati n'kusowa mpweya. Mukasanjikiza matumba, kapena kuwamanga mu jumbo, kapena kumata mapepala thumba lonse, mwawatseka mphuno. Ngakhale zonse zitayenda bwino, masiku ake ndi 5 basi, pamene maselo ofiira amakhala masiku 35 kapena 42 m'furiji ya 2 mpaka 6°C.

Nanga bwanji osangowazizitsa kuti adye pang'ono? Kale ankatero. Mu 1969 madokotala awiri a ku America, Scott Murphy ndi Frank Gardner, anaonetsa kuti mapulateleti osungidwa m'furiji akalowa m'thupi sakhalitsa, pamene osungidwa pa 22°C amayenda m'mitsempha masiku ambiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti kuzizira kumasintha khungu la pulateleti, ndipo chiwindi chimaizindikira n'kuichotsa msangamsanga. Kusintha maonekedwe kumayamba kutentha kukatsika cha m'ma 15°C, furiji isanafikidwe n'komwe. Apa ndi pamene ife a ku Dedza tiyenera kutchera khutu.

Mabuku amati asungidwe pa kutentha kwa m'chipinda. Chipinda chanji? Tauni yathu ili pamwamba, mamita oposa 1,500, ndipo mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Dedza, usiku kumatsika pansi pa 10°C. Benchi ya konkire ya mu labu pa 4 koloko m'mamawa imakhala ngati mwala wa mumtsinje. Kusiya thumba pamenepo usiku wonse sikusiyana kwambiri ndi kuliika m'furiji. Anzathu a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano akudziwa zimene ndikunena. Koma mukangotsika phiri kupita ku Golomoti ndi Mtakataka mu Okutobala, vuto limatembenuka: kunja kumapitirira 30°C, m'galimoto yoima padzuwa osanena. Boma limodzi, mavuto awiri. Choncho musakhulupirire khungu lanu. Khulupirirani choyezera kutentha, ndipo chikhale pambali pa thumba penipeni, osati chopachika pakhoma.

Mwina mwamvapo kuti maiko ena ayambanso kusunga mapulateleti pozizira. N'zoona. Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalola mapulateleti ozizira kusungidwa mpaka masiku 14, kuti aziperekedwa kwa anthu amene akutaya magazi nthawi yomweyo pamene mapulateleti anthawi zonse palibe. Koma amenewo amakonzedwa motero kuchokera pachiyambi, ndipo chizindikiro chawo chimanena. Si thumba limene munthu waliika m'furiji molakwitsa. Ife titsate zolembedwa pa thumba limene tili nalo m'manja.

Musanaitanitse

Makina owerengera magazi akanena kuti mapulateleti a wodwala atsika, pakani magazi pagalasi muone pa maikulosikopu. Kwa anthu ena mapulateleti amaunjikana m'chubu cha chivindikiro chapepo chija, cha EDTA (mankhwala oletsa magazi kuundana), makina n'kuwawerenga ochepa pamene munthu ali nawo okwanira. Nthawi zina magazi amakhala kuti anaundana pang'ono potenga. Mphindi khumi za pa maikulosikopu zikhoza kupulumutsa ulendo wa ku Lilongwe ndi matumba amene munthu wina akuwafunadi.

Kumbukiraninso kuti malungo amatsitsa mapulateleti kawirikawiri, ndipo akachizidwa nambala imakwera yokha. Chiganizo ndi cha dokotala, koma mwachidule, munthu amene sakutuluka magazi nthawi zambiri sapatsidwa mpaka nambala itafika cha pa 10,000, pamene wotuluka magazi kapena wopita ku opaleshoni amafuna 50,000 kapena kuposa. Funsaninso ngati wodwala wakhala akumwa asipirini, chifukwa amalemaza mapulateleti kwa moyo wawo wonse ngakhale nambala ikuoneka bwino.

Ife pa boma mapulateleti sitipanga. Amachokera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linayamba mu 2003, ndipo nthambi yake yapafupi ndi ife ili ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Imbani kaye lamya galimoto isananyamuke. Pa masiku 5 aja, ena amathera poyeza HIV, matenda a chiwindi a B ndi C, ndi chindoko, ndiye sangakhale ndi mulu wongodikira. Pa tchuthi cha sukulu, pamene opereka magazi ambiri ali kumudzi, zimavutirapo. Nenani gulu la magazi la wodwala, msinkhu wake, kulemera kwake ngati ndi mwana, ndipo ngati ndi mtsikana kapena mayi wa magazi a gulu la RhD negative nenani zimenezo poyambirira. Thumba lochokera kwa wopereka mmodzi limakhala ndi mamililita 50 mpaka 70, ndipo munthu wamkulu amafuna matumba 4 mpaka 6 pa ulendo umodzi. Funsani tsiku limene akuthera. Lamulo langa ndi lakuti ngati mulibe makina ogwedeza okhala m'kabati yosunga kutentha, musaitanitse oti musunge. Itanitsani a munthu amene dzina lake mukulidziwa, bedi lake mukulidziwa, ndipo kanula ali kale pamkono.

Pamsewu

Bokosi la mapulateleti likhale lakelake. Lisakhale limene mwangochotsamo ayisi, chifukwa makoma ake amasunga kuzizira. Litulutseni msanga likhale m'chipinda chofunda bwino, ndipo ngati muli ndi mapaketi a madzi amene akhala pa 22°C, aikenimo kuti agwire kutentha. Paketi ya ayisi isalowemo ngakhale imodzi. Matumba agone chogona, asapindidwe, asapanikizidwe, ndipo choyezera kutentha chikhale momwemo.

Dalaivala muuzeni chifukwa chake, musangomulamula. Ine ndimati, "Achimwene, bokosi ili likhale nanu kutsogolo. Kumbuyo ayi, padzuwa ayi, pansi pamene pamatentha ndi injini ayi, komanso lisayang'anizane ndi mpweya wozizira kapena hita. Muli zinthu zamoyo umu." Ndikamutsegulira n'kumuonetsa mmene thumba limanyezimira pakuwala, sindifunikanso kubwereza. Madalaivala athu akamvetsa amasamala kuposa ena a ife ovala zoyera. Ulendowo ukhale umodzi, osauphatikiza ndi kukatenga mankhwala kwina kapena kudikira odwala obwerera, osaimanso pa Nathenje kapena pa Chimbiya. Mapulateleti amapirira kukhala osagwedezedwa kwa maola osapitirira 24 onse pamodzi, ndipo ola lililonse la pamsewu likuchotsedwa pa amenewo. Lembani nthawi imene anachotsedwa pa makina ogwedeza ku Lilongwe.

Akafika

Werengani kutentha kwa m'bokosi musanatulutse kanthu, n'kulemba. Onani dzina, gulu la magazi, tsiku lothera, ndiponso ngati thumba silikudontha pofinya pang'ono m'mbali ndi pa machubu.

Kenako chitani chimene mkulu wanga uja anandiphunzitsa. Ambiri a ife tilibe njira yoyezera pH popanda kuboola thumba, ndipo kuboola ndi kuitana tizilombo. Koma diso limathandiza. Kwezani thumba patsogolo pa nyali yowala kapena pawindo, kuwala kuchokere kumbuyo kwake. Lifinyeni pang'ono ndi chala pakona, kapena lipendekeni, n'kuyang'ana. Thumba labwino limaonetsa timafunde tonyezimira tikuzungulira m'kati, ngati utsi ukamakwera m'kuwala kolowa pa bowo la denga la khitchini. Timafunde timeneti timaoneka chifukwa mapulateleti aphwatalala amatembenuka pamodzi n'kubweza kuwala. Akakhala obulungira, kaya ndi asidi, kaya ndi kuzizira, kaya ndi tizilombo, madziwo amangokhala mbuu, osanyezimira. Thumba losazungulira ndi lokayikitsa, ndipo ine sindilitulutsa mu labu ndisanalankhule ndi dokotala komanso amene analipanga.

Ophunzira anu aonetseni thumba labwino kaye, kangapo, mpaka diso lizolowere. Munthu amene sanaonepo kuzungulira kwenikweni amavomera chilichonse.

Yang'ananinso zibuma, ulusi, thovu la mpweya, kapena mtundu wachilendo. Kutentha kumene kumasunga mapulateleti n'komwenso mabakiteriya amakonda, ndiye mwa zinthu zonse zochokera ku magazi, thumba ili ndi limene limakhala pa chiopsezo chachikulu. Kachilombo kamodzi kochokera pakhungu la wopereka kakhoza kuswana kwambiri m'masiku ochepa. Nato tizilomboti timadya shuga ndi okosijeni, n'kutsitsanso pH. Thumba lotere likhoza kupha munthu. Musaliyese.

Ngati pali kudikira

Pena thumba limafika wodwala ali ku X-ray, kapena kanula watuluka. Ngati muli ndi makina ogwedeza, goneketsani matumba limodzilimodzi, osasanjikiza, ndipo onetsetsani kuti makinawo ali pa waya wa jenereta kapena sola. Magetsi akathima lembani nthawi, akabwera lembaninso, muphatikize ndi maola a pamsewu aja.

Ngati mulibe, sankhani chipinda chimene choyezera chikunena 20 mpaka 24°C. M'nyengo yozizira, abwezereni m'bokosi lawo lija, chivindikiro chisatsekedwe mothina, bokosilo likhale pa tebulo lathabwa, kutali ndi windo ndi pansi pa simenti. Musawaike pafupi ndi hita kapena mbaula, musawaike m'madzi ofunda, musawaike m'chikwama cha jekete. Muziwapendeketsa ndi manja pang'onopang'ono pafupipafupi, ngati mukugoneka khanda, osati kukhutchumula ngati botolo la mankhwala a chifuwa, chifukwa kukhutchumula kumawadzutsa n'kuyamba kumatana. Koma manja si makina. Zimenezi ndi zongogulira ola limodzi kapena awiri pamene mukuthamangitsa a ku wodi.

Pa bokosi ndimamata pepala lolembedwa ndi zilembo zazikulu kuti OSAIKA M'FURIJI, ndipo ndimauza pakamwa aliyense amene akulowa ntchito ya usiku. Pepala lokha silikwana, chifukwa munthu wotopa sawerenga.

Ku wodi

Asisita, thumba likatuluka mu labu lipite pamkono nthawi yomweyo. Furiji ya ku wodi, imene mumasungamo insulin ndi oxytocin, ndiyo msampha waukulu. Anthu awiri atsimikizire dzina pa bedi. Gwiritsani ntchito seti yatsopano yoperekera magazi, ya sefa ija, osati seti ya diripi wamba, osatinso imene yangodutsa maselo ofiira, chifukwa mapulateleti amakodwa m'zotsalira za m'sefamo. Musasakanize ndi mankhwala alionse. Mlingo wa munthu wamkulu uthe m'mphindi 20 mpaka 30. Yezani kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi BP musanayambe, ndiponso pakatha mphindi 15, ndipo nthawi imeneyo musachoke patali. Wodwala akayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kubanika kapena BP kugwa, tsekani pompo, itanani dokotala, thumba ndi seti yake zibwere ku labu.

Pali chinanso chimene a ku mateniti ndi ku fiyeta ndimafuna muchimve, chifukwa nkhani ya asidi siithera m'thumba. Mayi amene wataya magazi ambiri atabereka, minofu yake imasowa okosijeni, ndipo imachita zomwe zija mapulateleti amachita m'thumba losapuma: imapanga lactic. Magazi ake amasasa. pH ikatsika pansi pa 7.2, mapulateleti ndi mapuloteni oundanitsa magazi amafooka kwambiri. Thupi likazizira pansi pa 35°C amafookeratu. Asidi, kuzizira ndi kusaundana kwa magazi zimakokana, chimodzi kukulitsa chinzake. Ndiye tingasamale thumba kuchokera ku Lilongwe mpaka pa bedi, koma ngati mayiyo wagona pa zitenje zonyowa, windo lili pululu, mu Julaye wa kuno, akulandira madiripi ozizira botolo ndi botolo, mapulateleti athu akalowa m'magazi amene sangagwiremo ntchito. Chotsani zonyowa, mufunditseni mabulangete, tsekani mawindo, mupatseni okosijeni, fundizani madzi a diripi, bwezerani magazi msanga, ndipo chimene chikutulutsa magaziwo chipezeke n'kutsekedwa. Mankhwala ochepetsa kutaya magazi a tranexamic acid, galamu imodzi mumtsempha, aperekedwe maola 3 asanathe kuchokera pobereka, monga mmene bungwe la WHO linalangizira mu 2017. Guardian akhoza kuthandiza pa nkhani ya mabulangete. Muuzeni kuti, "Amayi, abwerekeni bulangete lina, mwana wanuyu asazizidwe," ndipo adzathamanga.

Mukamaliza kupereka, tengani magazi pakati pa mphindi 10 ndi ola limodzi tiwerengenso. Kwa munthu wamkulu, mlingo umodzi wabwino umakweza nambala ndi 20,000 mpaka 40,000. Ikapanda kukwera, mwina chifukwa chili mwa wodwala: kutentha thupi, matenda m'magazi, kapamba wotupa, kapena akutulukabe magazi. Mwinanso chili mwa ife. Apa ndi pamene zolemba zija zimagwira ntchito. Tsegulani kaundula muone kuti thumba linali la tsiku lachingati, linachoka pa makina nthawi yanji, bokosi linafika pa madigiri angati, linazungulira kapena ayi, ndipo linadikira kuti, kwa maola angati. Mukapeza pamene panaphonyeka, konzani pamenepo ambulansi isananyamukenso. Ndipo ngati thumba latsala chifukwa wodwala watumizidwa kwina kapena dokotala wasintha maganizo, imbani lamya ku Lilongwe ola lomwelo akuuzeni chochita, lidakali ndi masiku.